Nkhondo ya Pathumba

Dayisi ija inali ya sopo. Amjomba anaidula pa mtanda wa sopo wobiriwira amene ankagawidwa kwa othawa nkhondo, naisema ndi lumo mpaka mbali zonse zitafanana, kenako anaboola timaso take ndi nsonga ya mbedza n'kupakamo makala. Ikakhala m'manja nthawi yaitali inkachita thukuta, ndipo chikhatho chinkatsala chikununkhira ngati zovala zapachingwe. Mpaka lero ndikamachapa ndi sopo wa mtanda, pamakhala kanthawi kamene ndimangoima, manja ali m'beseni, osadziwa chimene ndikudikira.

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tinkakhala ku Lungwena, nyumba yachitatu kuchokera pomwe asodzi amakocheza mabwato. Amayi anabadwira ku Mozambique, kuseri kwa mapiri amene timawaona chakum'mawa, ndipo kuno anabwera ndi ukwati. Za kwawo sankazikamba kawirikawiri. Ife ana tinkadziwa kuti kumeneko kuli nkhondo monga momwe tinkadziwira kuti m'mabango muli ng'ona: zoona ndithu, koma zogwera anthu ena.

Mvula itangotha chaka chimenecho, masana ena pabwalo pathu panafika anthu atatu. Awiri ankayenda, atasenza machila a mtengo ndi bulangete, ndipo wachitatu anali m'machilamo. Wakutsogolo anali mlongo wawo wa amayi, amene tinauzidwa kuti tiziwatchula amjomba. M'machila munali anganga, amayi awo a amayi, mwendo wakumanzere utakulungidwa nsanza zouma gwa ndi magazi. Bambo wakumbuyoyo sindinamudziwe. Anamwa madzi, anagona pansi pa mango tsiku lathunthu, m'mawa mwake n'kupitirira ku kampu ya othawa nkhondo. Pamapewa a amjomba panali mabala awiri a mtengo wa machila, ofiira ngati nsomba yong'amba kumene, moti kwa milungu ingapo sankavala malaya.

Amjomba anali ndi mkazi ndi khanda la miyezi inayi. Tinadziwa chifukwa amayi anafunsa tsiku lomwelo, akadali chogwada pafupi ndi machila. Yankho linali la mawu awiri, ndipo ndi lomwelo limene aliyense wofunsa ankalandira nyengo yonseyo: "Akubwera m'mbuyo." Lachisanu lililonse, akatuluka mu mzikiti, amjomba ankabwereka njinga ya abambo kupita kumene malole ankatsitsa anthu atsopano. Pobwerera ankaitsamiritsa kukhoma pang'onopang'ono, ngati akugoneka mwana, ndipo palibe ankawafunsa kuti ayenda bwanji.

Anganga anagonekedwa m'kachipinda koyang'ana kukhonde, mutu wawo pansi pa kazenera kopanda galasi. Ndinali nditamva kwa anzanga kuti agogo amakamba nthano ndi kusungira zidzukulu mbatata. Athuwa ankangoyang'ana denga. M'kachipindamo munkanunkha mankhwala a buluu opaka pachilonda, pamodzi ndi fungo lina lozuna limene linkandichititsa nseru, ndipo ndikapititsa madzi ndinkagwira mpweya mpaka nditatuluka. Ndikuchita manyazi kunena kuti patapita mwezi ndinkaiwala kuti kuseri kwa khoma lija kuli munthu wa makutu.

Kenako unayamba mwera. Mphepo imeneyi ikauka nyanja imachita thovu loyera, mabwato amakokeredwa pamtunda, abambo amakhala m'magulu kusoka maukonde, ndipo mchenga umalowa paliponse, m'makutu, m'mabuku, ngakhale m'mano. Miyendo yathu inkatuwa mbuu n'kuchita ming'alu. Khonde lathu linali kumbali yosaomba mphepo, choncho tikaweruka kusukulu tinkaunjikana pamenepo, ine, achimwene anga, ndi ana awiri apanyumba yoyandikana. Tinkakangana zopanda pake mpaka tsiku lina amjomba anabwera ndi thumba.

Linali thumba la chimanga cha chithandizo. Analing'amba m'mbali, nalitambasula pansi, mwala pakona iliyonse. Ndi khala anajambula timabokosi thumba lonse, pamwamba pa zilembo zakuda za anthu amene anatumiza chimangacho. Kumtunda kunali mudzi. Kumunsi kunali mzere wokhotakhota, umene anati ndi mtsinje. Pakati panali msewu wowongoka, tchire, dambo, milambe itatu, ndi chulu chachikulu pamene njira inkagawikana pawiri, ina kulowa m'tchire, ina kutsikira kudambo. Anajambula osaima kuganiza, osafufuta ngakhale pamodzi. Ine ndinangoti amjomba ndi katswiri pojambula.

Anthu athu anali zitsekero za mabotolo zisanu ndi chimodzi: mlenje wa mfuti ya gogodela, anyamata awiri amphamvu, mtsikana, nkhalamba, ndi mayi wobereka khanda. Cha mayiyo chinkakhala chagada, muli kanyemba kamodzi, ndiko khandalo. Amjomba anali ndi zawo zisanu ndi zitatu zopakidwa penti yofiira ya boti. Sanazipatse dzina la gulu lililonse. Ankangoti amfuti. Cholinga chinali kuchotsa anthu athu kumudzi ndi kuwawolotsa mtsinje, ndipo wopambana anali wowolotsa ambiri kuposa amene wataya.

Sitinkangosuntha zitsekero ngati pa bawo. Aliyense ankakhala munthu wake, n'kumayankhula m'malo mwake. Amjomba ankatiuza zimene tikuona, ndi mawu otsika, maso ali pathumba. "Udzu watenthedwa, phulusa likadali lofunda kumapazi. Tambala sakulira. Kumanja kwako kwathyoka kamtengo. Utani?" Ukayankha, ankakupatsa dayisi kuti ione ngati zitheke.

Malamulo ndikuwakumbukira kuposa ndakatulo zonse zimene ndinaloweza kusukulu. Pamsewu umayenda mabokosi asanu ndi limodzi, koma aliyense akukuona. M'tchire atatu. M'dambo awiri, ndipo umasiya mapazi. Woombera mfuti sasuntha ulendo umenewo, ndipo phokoso limamveka mabokosi khumi. Wofiira aliyense amene wamva amalunjika kumeneko. Ukayandikana ndi wamfuti n'kutembenuka kuti uthawe, iye amaponya dayisi ulendo waulere pamsana pako. Ukafuna kumuchokera, uchoke cham'mbali, bokosi limodzi, pakhale mtengo kapena chulu pakati panu. Wovulala sayenda yekha. Amanyamulidwa ndi awiri, ndipo atatuwo amayenda mabokosi awiri okha. Mayi wa khanda amaponya dayisi ulendo uliwonse, ndipo ikagwa pa diso limodzi ndiye kuti khanda lalira, ndipo kulira kwa khanda kumamveka ngati mfuti, mabokosi khumi.

Panali lamulo lina limene tinalitsutsa tsiku loyamba. Nkhalamba inkayamba masewera ili yovulala kale. Achimwene anati si chilungamo, bwanji isaponye kaye dayisi? Amjomba anati, "Imayamba choncho."

Achimwene, pokhala wamkulu, anatenga mlenje. Ana apafupi aja anatenga anyamata awiri. Mtsikana ndi nkhalamba tinkasinthana. Ine, poti ndinali wamkazi ndekha, anandipatsa mayi wa khanda, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikumufuna.

Masiku oyamba tinkafa msanga. Achimwene akangoona chofiira ankaombera, zofiira zonse n'kutembenukira kwa ife ngati nyerere zamva shuga. Tinayesa msewu, tinatha tonse tisanafike pamlambe woyamba. Pang'ono ndi pang'ono malamulo anatiphunzitsa kuyenda. Mfuti ija, imene poyamba tinkailimbirana, inasanduka katundu wopanda ntchito. Mlenje wabwino anali wofika kumapeto osaombera. Tinaphunzira kusuntha mtengo ndi mtengo, kuwerenga mabokosi a mdani tisanawerenge athu, kuima ulendo wathunthu osasuntha pamene miyendo ikuti thawa. Tinaphunziranso kuti ofiira aja sankakonda kupha. Dayisi ikawalola kusankha, amjomba ankati, "Mwendo." Achimwene atafunsa chifukwa, anayankha kuti, "Wakufa amasiyidwa. Wovulala amatenga awiri."

Masewerawo sanathere pathumba. Ndinadzizindikira m'mawa wina ndikupita kusukulu kuti sindikuyenda pakati pa njira, ndikulambalala m'mbali mwa chinangwa cha anthu, ndikuwerenga mapazi kuchokera pamtengo uwu kukafika pa uwo. Mnzanga akandiitana kumbuyo sindinkatembenuka msanga, ndinkayamba ndapatuka. Pachitsime ndinkadziwa, osafuna, kuti tili anthu angati ndi amene angachedwe tikati tithawe. Palibe anationa kuti tasintha, chifukwa mwana wachete savuta munthu. Lero ndine mphunzitsi wa ana a msinkhu womwewo, ndipo ndikaona mwana akusankha mpando wa pafupi ndi chitseko tsiku ndi tsiku, ndimafuna kudziwa kuti kwawo amasewera chiyani.

Amayi sankawafuna masewerawo. Ankati dayisi ndi juga, amwalimu akumadrasa akamva tidzachita manyazi tonse. Amjomba ankayankha kuti juga ndi ya anthu oyembekeza kupata kanthu. Tsiku lina amayi, akuchokera kunyanja ndi ndowa pamutu, anaima pamwamba pathu n'kuyang'ana thumba lija. Anayang'ana nthawi yaitali, madzi akudontha m'khosi mwawo, maso ali pachulu chapamphambano. Kenako anayang'ana mlongo wawo, koma iye sanadzutse mutu. Kuyambira pamenepo thumba likangotuluka, amayi ankapeza chotituma.

Tinkasewerabe. Ndipo nthawi zonse zinkathera malo amodzi. Tinkafika pachulu tili pamodzi, tikuyenda mabokosi awiriawiri chifukwa cha nkhalamba, ofiira ali chapafupi, ndipo pa maulendo ambiri chotero dayisi sinkalephera kugwa pa diso limodzi. Khanda linkalira. Maso onse ankatembenukira kwa ine. "Watiphetsanso," ankatero achimwene, ngati ndine ndasema dayisiyo. Ndinayamba kudana ndi chitsekero chija. Ndinkadana ndi kanyemba kake, kamene kankagubuduka ndikasuntha mofulumira, n'kumandichititsa kukwawa kukafuna pansi pa mtondo. Palibe tsiku limene tinawolotsa anthu oposa awiri.

Loweruka lina kunabwera aphunzitsi anga a masamu, bambo wamtali wa kumpoto amene ankachita lendi kuseri kwa sukulu. Anabwera kudzagula usipa kwa amayi, koma anaona thumba, nakhala pa mtondo wogubuduza, n'kuiwala usipa. Anaonerera masewera awiri athunthu. Anafunsa malamulo onse, akulemba manambala pansi ndi chala. Pomaliza anapukusa mutu n'kuuza amjomba kuti, "Achimwene, malamulo anuwa amalanga munthu wodikira mnzake. Gulu ili likamayenda pamodzi silingawoloke."

Amjomba anati, "Sindinawapange ine."

Aphunzitsi anaseka pang'ono, poyesa nthabwala, koma ataona nkhope ya amjomba analeka. Ine mawu amene ndinatola anali a aphunzitsi aja. Likamayenda pamodzi silingawoloke. Ndinayenda nawo sabata yonse, ndikujambula timabokosi kumbuyo kwa kope langa.

Loweruka lotsatira mphepo inagwa pang'ono m'mamawa, ndipo anyamata onse anathamangira kugombe kukathandiza kukoka khoka. Pakhonde tinatsala ine ndi amjomba, ndi aphunzitsi amene anabweranso, ulendo uno opanda chonamizira. Ndinapempha kuti ndisewere ndekha, anthu onse asanu ndi mmodzi akhale anga. Amjomba anavomera.

Ndinayenda bwino. Sindinaombere, sindinaponde msewu. Ndinafika pachulu anthu anga onse ali moyo, ofiira asanu ali kumanzere kuseri kwa mlambe, atatu ali m'mbuyo. Pamenepo ndinachita chimene ndinakonza. Mlenje, mtsikana, ndi anyamata awiri onyamula nkhalamba ndinawakhotetsera m'tchire. Mayi wa khanda ndinamutsitsira yekha kudambo.

Amjomba anafunsa, monga mwa masiku onse, "Mayiyu akuti chiyani?"

Ndinati, "Sakunena kanthu. Amuuza kuti apite uko."

Ulendo woyamba dayisi inagwa pa anayi. Wachiwiri pa asanu ndi limodzi. Gulu langa linkakwawa m'tchire mabokosi awiriawiri, mayi uja akutalikira m'dambo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ndinkapempha mumtima kuti ligwe diso limodzi. Ulendo wachinayi linagwa. Ndinaomba m'manja. "Lalira! Lalira!"

Amjomba nthawi zonse ankasuntha zofiira mwachangu, ngati munthu wotola nsomba pathandala. Tsiku limenelo dzanja lawo linaima m'malere pamwamba pa zitsekero. Mphepo inali itayambiranso, ikukweza kona imodzi ya thumba n'kuigwetsa, kuikweza n'kuigwetsa.

"Sanamve," anatero amjomba. "Mphepo ikuomba kuchokera kwa iwo."

M'malamulo munalibe mphepo. Ndinawauza choncho. Ndinaika chala pachitsekero cha mayi n'kuwerenga mokweza mpaka pa chofiira choyandikira: limodzi, awiri, atatu, mpaka asanu ndi awiri. "Munati khumi. Awa ndi asanu ndi awiri. Amva."

Aphunzitsi anandigwira paphewa. "Zisiye, mwana iwe," anatero chapansipansi. Koma aphunzitsi omwewo ndi amene ankatikwapula tikalemba yankho losiyana ndi lamulo, ndipo ine ndinali nditaluza mwezi wathunthu. Ndinasasa dzanja lawo. Ndinati amjomba akubera. Ndinati akuluakulu amatero akaona kuti mwana akuwapambana. Ndinalira ndi ukali, ndikubwereza kuti lamulo ndi lamulo, mpaka mawu anga anamveka kugombe.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati mwana wa zaka zisanu ndi zinayi angaimbidwe mlandu pa zimenezi. Ndimadzikhululukira masiku ambiri. Koma ndikudziwanso kuti ndinaona nkhope yawo, ndinaona kuti china chake chalakwika, ndipo ndinasankha kuwerenganso mabokosi.

Amjomba anasuntha zofiira. Anasuntha chimodzichimodzi, zonse zisanu ndi zitatu, kulowera kudambo, akutsata malamulo awo mosaphonya bokosi. Zinatenga maulendo atatu kuti zimuzungulire mayi uja, ndipo pa maulendo atatuwo gulu langa linadutsa mlambe womaliza. Sanaponye dayisi pa iye. Anangotenga chitsekerocho, kanyemba kali momwemo, n'kuchifumbata. Ine ndinawolotsa mlenje, mtsikana, anyamata awiri ndi nkhalamba. Asanu. Ndinalumpha n'kuvina pakhonde, fumbi koboo.

"Wapambana," anatero amjomba.

Ndi pamene pakazenera paja panatuluka mawu. Sindinawazindikire msanga, chifukwa ndinali ndisanawamvepo akunena chiganizo chathunthu. Anali mawu ouma, a m'Chiyao, osakweza.

"Ndinakuuza kuti undisiye pachulu paja."

Aphunzitsi anaimirira, navula chipewa ngati pali maliro, natsanzika ndi mawu amene sindinawamve. Amjomba anapinda thumba kanayi, zitsekero zili momwemo, nalilowetsa kudenga la khonde. Kenako analowa m'kachipinda ka anganga n'kutseka chitseko. Ndinatchera khutu, koma munalibe kuyankhula. Munkangomveka mkeka ukulira, ngati munthu wakhala pansi pafupi ndi mnzake.

Thumba lija silinatsikenso. Achimwene atabwera kugombe sanakhulupirire kuti ndawolotsa asanu, ndipo amjomba anakana kuchitira umboni. Dayisi amayi anaichapira mpango wa anganga mawa lake, mpaka inatha.

Zimene ndikudziwa tsopano ndinazimva kwa amayi nditakula, ndili ndi mwana wanga woyamba kumsana, tsiku lina tikusankha mpunga. Anazinena mwachidule, osandiyang'ana. Pothawa kwawo anali gulu la anthu khumi ndi angapo. Anganga anaomberedwa mwendo tsiku loyamba. Atafika pamphambano ina, pomwe panali chulu, anthu a mfuti anali pafupi, ndipo khanda linali ndi malungo, likulira kosatonthozeka. Gulu linati khandalo silingapite nawo. Mkazi wa amjomba anati atsikira kudambo, akakumana kumtsinje. Amjomba anali ndi mtengo wa machila paphewa. Akanautula kuti atsagane ndi mkazi wawo, panalibe wina wounyamula, ndipo bambo mnzawo uja sakanatha yekha. Anganga anawauza kuti awasiye. Amjomba sanautule. Kumtsinje anadikira masiku awiri.

Anganga anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Mkazi wa amjomba anapezeka patapita zaka ziwiri, pa kampu ina kutali chakumwera, ali moyo, ali yekha. Amjomba anapita ndi abambo kukamuona. Abambo anati mayiyo anagwada, anawapatsa moni mwaulemu ngati alendo, anawafunsa za ulendo, anawapatsa madzi, ndipo atatha anawaperekeza mpaka pachipata. Za khanda sananene, ndipo iwo sanafunse. Mtendere utabwera, malole atayamba kubweza anthu kwawo, iye anakwera. Amjomba anatsala ku Lungwena, akusoka maukonde a anthu ena mpaka maso awo atafooka. Sanakwatirenso. Sindikudziwa chimene ankafuna pathumba paja, kaya ankayembekeza kuti ana apeza njira imene iwo sanaione, kaya ankafuna kuona mobwerezabwereza kuti njirayo kunalibe. Sindinawafunse ali moyo, ndipo amayi anati nawonso sanafunse.

Koma zonsezi zinali kutsogolo. Sabata imeneyo ine ndinali ndi nkhani imodzi yokha m'mutu. Ndinkaganiza kuti anganga, pogona paja, anali kutsatira masewera athu mwakachetechete, ndipo mawu awo aja anali malangizo a kaseweredwe. Zinandisangalatsa kuti nawonso amawadziwa. Ndinatenga kope langa, ndinajambulanso thumba lonse, n'kuyesa zimene ananena. Ndinayesa kasanu, ndikuponya timiyala m'malo mwa dayisi, ndipo kasanu konse zinatheka.

Ndinawapeza amjomba kuseri kwa thandala la usipa, atatambalala pamchenga, ukonde atakola kuchala chachikulu chakuphazi, akusoka. Mphepo inkawomba mapepala a kope langa moti ndinachita kulipanikiza ndi bondo. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, ngati pa bolodi. Mukafika pachulu, nkhalamba muisiye pomwepo, kuseri, pomwe saioneka msanga. Anyamata awiri aja amasuka. Tsopano gulu lonse likuyenda mabokosi atatuatatu, pamodzi ndi mayi wa khanda, m'tchire, osapita kudambo. Kuchokera pachulu kukafika kumtsinje ndi mabokosi khumi ndi asanu, ndiye kuti maulendo asanu okha. Ngakhale khanda litalira kawiri, ofiira sangakupezeni, ndipo akafika pachulu amataya ulendo umodzi pa nkhalamba ija. Owoloka ndi asanu, chimodzimodzi ndi ine Loweruka. "Koma mukawerenga ndi kanyemba," ndinatero, "ndi asanu ndi mmodzi. Anganga ananena zoona."

Anandilola kuti ndimalize. Manja awo sanaime. Chingwe chinkalowa, kutuluka, mfundo, kulowa, kutuluka, mfundo. Atafika kumapeto kwa chibowo chimene ankatseka analuma chingwe ndi mano, natenga kope langa, nayang'ana timabokosi tanga nthawi yaitali, chala chawo chikuyenda kuchokera pachulu mpaka kumtsinje. Milomo yawo inkawerenga. Anawerenga kawiri.

"Wawerenga bwino," anatero. Anatseka kope, nalibweza m'manja mwanga, nagwira manja angawo pamodzi ndi kopelo. Zikhatho zawo zinali zozizira, zokhakhala ndi mchenga. "Koma usakawauze anganga ako kuti wawerenga. Wamva? Usakawauze."

Ndinalonjeza. Ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha, kope lili m'kati mwa diresi, ndili wonyada kuti ine ndi amjomba tili ndi chinsinsi chathu. Ndinkaganiza kuti akufuna tidzawadabwitse achimwene tsiku limene thumba lidzatsike, ndipo kuti akuopa kuti anganga, poti ayamba kuyankhula, angaulule. Madzulo ake nditapititsa madzi m'kachipinda muja, anganga anatembenuza mutu n'kundiyang'ana kwa nthawi yoyamba, maso awo akufunsa. Ine ndinatseka pakamwa ndi dzanja kuti ndisaseke, n'kuthawira panja.